Minga ya Nungu ndi Mauvuni a Mvuu

Kalekale, mitengo isanathe m'mapirimu, nyama zinkaotcha njerwa.

Mukuseka chiyani, a Nachisale? Magetsi athima, chigayo chili duu, matumba athu ali pamzere. Mukathamangira kuti? Khalani pansi mumve. Ana inu, tsikani pamatumba a eni ake, ndipo mukamati "tili tonse" muzinena ngati anthu oti m'mawa munalawako kanthu.

Ndati nyama zinkaotcha njerwa. Zinkakhala m'chigwa chotchedwa Chimbiya, poti mapiri anachizinga mbali zonse ngati mbiya. Pakati pake panali dambo la dothi labwino, losang'aluka pamoto. Dzinja zilime mtedza, chilimwe ziumbe njerwa. Ndalama kunalibe, chilichonse chinkagulidwa ndi mtedza womwewo.

Tsono khalidwe la mbiya mukulidziwa, chimene chalowamo sichituluka chokha. Utsi wa m'mauvuni unkakwera tolotolo, kugunda mapiri, n'kubwerera pansi pomwepo. Dzuwa linkatuluka lofiira psuu ngati diso lodwala. Nyama zikakumana panjira, moni wake unali kutsokomola.

M'chigwamo munali mayi wina wamasiye dzina lake Sakhwi. Ana a masiku ano simumudziwa sakhwi. Ndi kanyama kofanana ndi mbewa, koma ka mphuno yaitali, yosongoka, yosakhazikika. Mphuno yotero ndi yabwino posaka chakudya, koma mu utsi ndi tsoka. Sakhwi anabereka ana atatu. Woyamba anapita ndi chifuwa chilimwe china. Wachiwiri anapita ndi chifuwa chilimwe chotsatira. Anatsala ndi mmodzi, kamtsikana kotchedwa Kamphuno, ndipo nako m'chifuwa munali mutayamba kulira fyoo, fyoo. Ine mayi ameneyu ndimamukonda, ndisakubisireni, ndipo muona chifukwa chake.

Mwini utsi wambiri anali Mvuu. Anzake kauvuni kamodzikamodzi, iye khumi. Utsi ukachuluka, iye chubwi m'dziwe, n'kumakapuma kozizira. Ndipo anali ndi chizolowezi chimodzi. Pamsonkhano ankamva mawu oyamba okha, okhudza phindu lake. Akangomva zimenezo, makutu pansi pa madzi, kunja kungotsala mphuno.

Atangotha kukolola mtedza, Sakhwi anayenda khomo ndi khomo mpaka nyama zonse zinasonkhana pansi pa mkuyu, m'mbali mwa dziwe la Mvuu.

Woyamba kuimirira anali Mayi Nkhanga, amene pa nkhani za malonda sankagona.

"Abale anga," anatero Nkhanga, "utsi tikuutaya ulere, n'chifukwa chake sitikuuwerengera. Tiike msonkho. Uvuni umodzi, lichero limodzi la mtedza. Nkhokwe ikayamba kumva kuwawa, mwini wake aziyamba waganiza asanayatse."

"Lichero limodzi basi?" anafunsa Mvuu.

"Limodzi, bambo."

Mvuu anaseka, hoho, hoho. Chubwi.

Msonkhowo ndisaunamizire, unagwira ntchito yake. Aliyense ankadziwiratu kuti kuyatsa kumudyera zingati. Gologolo ndi Fuko anaphatikiza njerwa zawo mu uvuni umodzi. Ena anayamba kumata bwino mauvuni kuti nkhuni zisamathe zambiri. Mtedza wa msonkho anagulira mbande za mitengo n'kudzala m'mphepete mwa dambo. Koma Mvuu lichero ankalitaya ngati akutaya makoko. Anakweza mtengo wa njerwa zake, n'kumanganso mauvuni awiri.

Patatha miyezi iwiri, Kamphuno sankathanso kuthamanga kuchoka pakhomo kukafika pachulu. Sakhwi anaitanitsanso msonkhano.

"Mayi Nkhanga, nzeru yanu sindikuinyoza," anatero Sakhwi. "Mtengo wa utsi tonse tikuudziwa tsopano. Koma chifuwa cha mwana wanga sichikufunsa mtengo. Chikufunsa kuti utsiwo ukhala wochuluka bwanji."

"Ndiye tikweze msonkho," anatero Nkhanga. "Malichero atatu."

"Atatu tiwatenga kuti ife?" anadandaula Gologolo. "Woyatsa atsala mmodzi, ndipo mukumudziwa."

Apo anakhosomola Nungu, mkulu wofatsa, wamanyazi, wosakonda phokoso.

"Ine maganizo anga ndi ena," anatero Nungu. "Tisayambire pa mtengo, tiyambire pa utsi. Chigwa chino chingapirire mauvuni makumi atatu kuchoka lero mpaka mvula. Ndithothola minga makumi atatu kumsana kwangaku, tigawane. Wofuna kuyatsa ayambe waponya munga umodzi pamoto, anthu akuona. Wopanda munga asayatse. Amene wake sakuufuna agulitse kwa mnzake, mtengo agwirizane okha."

"Tigawana bwanji?" anafunsa Mvuu.

"Potengera mauvuni amene munthu ali nawo."

"Ndiye kuti ine khumi ndi iwiri."

Chubwi.

Makutu a Mvuu ali m'madzi choncho, Nungu anamaliza mawu ake. "Chinanso, minga imeneyi ndi ya chilimwe chino chokha. Chizimalupsa chikangogwa, mvula yoyamba ija, mphamvu yake yatha. Yotsalayo muzikatokosera m'mano." Nyama zonse zinamva n'kuvomera. Mmodzi yekha ndiye ankangotulutsa thovu m'dziwe.

Masabata oyamba zinayenda bwino. Fuko anagulitsa munga wake kwa Njiri, amene ankamanga nyumba yaukwati, onse awiri n'kusangalala. Koma nyamazo zinaiwala kanthu kamodzi. Mingayo sizinaiike chizindikiro. Munga wa pamsonkhano ndi munga wotola panjira zinali chimodzimodzi.

Mvuu khumi ndi iwiri yake anaimaliza msanga. Ndiye anakumbukira kuti nungu akadzidzimuka, minga imayoyoka yokha. M'mawa wina anakabisala m'bango, pamene Nungu ankadzamwera madzi. Mkulu uja atangowerama, Mvuu anakuwa kumbuyo kwake.

"Hooo!"

Nungu njenjenje. Minga yoyoyo.

Mvuu anatola n'kumapita. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Hooo, njenjenje, yoyoyo. Ena ataona anayamba nawo, ngakhale Gologolo, amene pamsonkhano ankaoneka ngati woyera mtima. Nungu chifukwa cha manyazi sanauze munthu. Minga inachuluka ngati udzu, munga umodzi n'kumagulidwa ndi kanjere kamodzi ka mtedza. Utsi unabwerera woposa kale, masana kuda bii.

Kamphuno analeka kudya. Sakhwi anamuyang'ana mwanayo akupuma mobanika, ndipo anachita mantha, chifukwa kapumidwe kameneko anali atakaona kawiri. Sanaitanitsenso msonkhano. Anapita yekha kuphanga kwa Nungu.

"Odi kuno, a Nungu."

"Kulibe anthu," anayankha mawu m'katimo.

"Ndine Sakhwi, madala. Tulukani, sindikuwa."

Nungu anatuluka chobwerera m'mbuyo. Kumsana kunali see, ngati dzungu. Kumchira kokha n'kumene kunatsala timinga titatu.

"Mayi, ndakupherani mwana," anatero Nungu, misozi ili mbwee. "Nzeru yanga ija yasanduka choseketsa."

"Minga ina imera liti?" anafunsa Sakhwi.

"Mvula ikagwa. Isanagwe sipamera kanthu."

Mphuno ya Sakhwi inagwedera kumanja, inagwedera kumanzere. "Ndiye musalire, madala. Khalani m'phanga momwemo."

Kunyumba kwake Sakhwi anali ndi dengu limodzi la mtedza, mbewu yoti adzadzale dzinja. Mukudziwa inu alimi kuti mbewu munthu sagulitsa ngakhale njala itavuta. Iye analitenga dengulo, kulikoka, kupuma, kulikoka, kupuma, mpaka kukafika pamauvuni a Mvuu.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ukufuna chiyani iwe?"

"Mundigulitseko munga umodzi. Mtedza ndi uwu, dengu lonse."

Mvuu anaseka mpaka m'mimba munagwedera. Koma kusekako kunatha msanga. Munthu wadyera akapatsidwa zambiri sasangalala, amayamba kudabwa kuti mnzakeyo waona chiyani.

"Iwe ulibe n'kauvuni komwe," anatero Mvuu. "Dengu lonse pa chinthu cha njere imodzi? Ukudziwa chiyani?"

"Musandifunse zambiri, bambo. Ine ndi mayi wosauka."

Anasinthana. Sakhwi anatenga munga wake n'kutembenuka, koma Mvuu anamutsekera njira ndi phazi.

"Sudutsa usananene."

"Poti mwandikakamiza," anatero Sakhwi. "Kodi a Nungu mwawaona kumsana masiku ano?"

Mvuu anathamanga gididi, gididi, mpaka kuphanga. Anasuzumira. Anaona dzungu lija. Anabwerera ali wefuwefu.

"Mwaonatu," anatero Sakhwi. "Minga imene ili m'chigwa muno ndi yomweyi, ina kulibe. Umodzi ukapsa, yotsalayo ikukwera mtengo. Anzanuwa sanazindikire."

Taonani, ana inu, mayiyu sananame ngakhale liwu limodzi. Anangosankha choonadi chimene Mvuu angachikonde.

Tsiku lomwelo Mvuu anatsegula nkhokwe zake n'kuyamba kugula minga khomo ndi khomo. Koma Sakhwi miyendo yake ndi yopepuka. Ankafika patsogolo n'kunong'oneza kuti, "Akubwera a Mvuu, musafulumire kuvomera." Pakhomo loyamba munga unali njere khumi. Pakhomo lachisanu nsengwa. Pomafika kwa Njiri unali lichero lodzaza ndi msonga. Mvuu ankatukwana, koma ankagula. Pofika madzulo mtedza wa Mvuu unali pafupifupi m'nyumba iliyonse ya m'Chimbiya, ndipo minga yonse inali mulu umodzi pakhomo pake. Yonse kupatula umodzi.

M'mawa mwake anapita kwa Sakhwi.

"Bweza munga uja, ndikupatsa madengu awiri."

"Pepani bambo, sindikugulitsa."

"Atatu."

"Ayi."

"Anayi, iwe kanthu kamphuno."

"Mundilole ndiganize, bambo."

Mvuu anabwerera atakwiya, n'kunena kuti bola akayatse uvuni mtima ukhale pansi. Anatenga chikuni chamoto kudzanja ili, munga kudzanja ilo. Atati aponye, anamva kamawu kumbuyo.

"Kodi mukuotcha, bambo?"

"Ukuona ngati ndikuvina?"

"Ayi, ndimangofunsa. Njerwa za mu uvuni umenewu zibweretsa madengu angati?"

"Atatu."

"Oho. Mutu wangawu ndi waung'ono, mundithandize. Munga mwanena nokha m'mawa uno kuti ndi madengu anayi. Ndiye muotcha anayi kuti mupeze atatu?"

Mvuu anayang'ana munga. Anayang'ana uvuni. Anayang'ananso munga. Chikuni chija anachiviika m'madzi, tsii.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. M'mawa Mvuu apite kwa Sakhwi, akweze mtengo ndi pakamwa pake. Asanu. Asanu ndi limodzi. Masana atenge chikuni, Sakhwi afike, apereke moni mwaulemu, amukumbutse mawu ake a m'mawa. Chikuni m'madzi, tsii. Mauvuni khumi ndi awiri anazizira, abuluzi n'kuyamba kugonamo.

Ndipo mverani izi. Mvuu anazindikira kuti timinga titatu takumchira kwa Nungu tikagwa, wina atola. Yemwe uja ankabisala m'bango anasanduka mlonda. Ankamuperekeza Nungu kumadzi, akuyenda monyang'ama. Ankamubweretsera mbatata. Gologolo atayetsemula pafupi, anathamangitsidwa mpaka pamwamba pa mkuyu. Mulu wake wa minga nawo ankaopa akuba, ndiye ankaukhalira. Akakhala, "Mayo." Akadzuka, kucheuka uku ndi uku, n'kukhalanso. "Mayo."

Nanga ena aja, opanda minga, nyumba ankamanga bwanji? M'nkhokwe munali mtedza, ndiye anali ndi nthawi yophunzira. Anapita kwa Chiswe, amene chibadwire sanayatsepo moto koma nyumba yake mvula siigwetsa. Chiswe anawaonetsa kaponderedwe ka dothi, kuumitsa zidina, njerwa zosaotcha, pamthunzi kuti zisang'aluke, ndi kutulutsa denga kuti khoma lisanyowe. Ena ankadandaula kuti sizikufiira ngati zootcha, koma nyumba zinaima.

Musaganize kuti Sakhwi zinkamuyendera. Mtedza wa Mvuu unalowa nyumba zonse kupatula yake. Iye ankadya tiziwala ndi nyerere zotola, n'kumaonda. Tsiku lina Mvuu anabwera ndi madengu khumi, kuwandanda pakhomo, mtedza wosenda kale, wofiira. Nkhanga anamukokera Sakhwi pambali.

"Mayi, gulitsani. Mwayi wotere subwera kawiri. Mudzadzala chiyani dzinja?"

Sakhwi anameza malovu, poti njala inalipo ndithu. Koma ankadziwa kuti munga umenewo ukangopita, Mvuu sadzakhalanso ndi chothamangitsa, ndipo mawa lake moto uyaka. Anasuzumira m'nyumba. Kamphuno anali atakhala tsonga, akutafuna chiwala yekha.

"Achotseni madenguwa, bambo," anatero Sakhwi. "Akunditsekera mpweya pakhomo."

Utsi unayamba kuchepa. Poyamba kunaoneka nsonga ya phiri lakum'mawa. Kenako mapiri onse, ndi mitengo yake, ndi miyala yake. Dzuwa linatuluka loyera mbee. Ana ena obadwira mu utsi ankafunsa amayi awo kuti mapiriwo awabweretsa ndani. Kamphuno anathamanga kuchoka pakhomo kukafika pachulu. Mawa lake anathamanga kupita ndi kubwera, osaima.

Masana ena otentha, Mvuu ali pakhomo pa Sakhwi monga mwa masiku onse, Kamphuno anatuluka m'nyumba. Anakweza kamphuno kake m'mwamba. Kanagwedera kumanja, kanagwedera kumanzere.

"Amayi, n'chiyani chikununkhirachi?"

Mwana ameneyu chibadwire fungo limene ankalidziwa linali utsi basi. Sakhwi ananunkhiza naye. Linali fungo la fumbi lonyowa, lochokera kuseri kwa phiri. Mayi uja anafuna kulira ndi chimwemwe, koma anaugwira mtima, poti ntchito inali isanathe.

"Bambo Mvuu," anatero, "ndatopa nako kukana. Tengani munga wanu."

"Madengu angati? Khumi ndi awiri?"

"Ayi. Mundibwezere dengu langa lomwe lija, la mbewu. Zambiri sindikufuna."

Mvuu sanakhulupirire mwayi wake. Anathamanga gididi, gididi, kukatenga dengulo mayiyo asanasinthe maganizo. Anasinthana. Anaukweza munga m'mwamba kuti chigwa chonse chione kuti tsopano yonse ndi yake.

Tho. Dontho pamphuno pake.

Tho, tho. Kenako waaa.

Nyama zinatuluka m'nyumba kudzavina pamvula. Nungu naye anatuluka m'phanga, msana uli see, n'kulankhula mofatsa monga mwa chikhalidwe chake.

"Chizimalupsa ndi chimenechi, abale. Minga ya chaka chino yatha ntchito."

"Yatha bwanji?" anafunsa Mvuu. "Ananena ndani zimenezo?"

"Ndinanena ine, pansi pa mkuyu."

"Ine sindinamve."

"Munali m'madzi, bambo," zinayankha nyama zonse pamodzi.

Mvuu anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma mawu sanatuluke. Anangoti kukamwa yasa, ndipo mpaka lero mukamuona amayasamula choncho. Onaninso makutu ake. Thupi lonse limamira, koma timakutu timatsala pamwamba pa madzi, tikupetapeta, kuopa kuphonyanso mawu omaliza.

Mvula itakata, Nkhanga ndi Nungu anayamba kukangana.

"Mwaona minga yanu?" anatero Nkhanga. "Lero njere imodzi, mawa madengu khumi. Munthu angakonzekere bwanji ntchito ndi mtengo wopenga chonchi? Msonkho wanga sunasinthe n'tsiku limodzi lomwe."

"Sunasinthe ndithu, mayi," anatero Nungu, "ndipo utsi nawo sunasinthe kwenikweni."

"Msonkho wanga unadzala mitengo."

"Minga yanga inazimitsa mauvuni."

"Inazimitsa ndi minga kapena Sakhwi?"

Funsolo linali loona. Onse anacheukira kwa Sakhwi kuti aweruze. Anamupeza ali kale m'munda, akukumba timayenje, Kamphuno akuponyamo mbewu.

"Ine za kupambana sindikuzidziwa," anatero Sakhwi osaweramuka. "Chaka chamawa minga tiipake utoto kuti yotola panjira izidziwika. Iwerengedwe pamaso pa onse, ndipo izichepa chaka ndi chaka. Musagawe ulere potengera kukula kwa mimba. Aliyense agule, ndipo munga usatsike pansi pa lichero la Mayi Nkhanga. Mtedzawo uzipita ku mitengo. Tsopano mundipatse mpata, nthaka ikuuma."

Anachita zomwezo, ngakhale Nkhanga sanakhutire. N'chifukwa chake mpaka lero amangolongolola m'tchire, kufotokozera aliyense za msonkho wake.

Nanga phunziro lake? Inu a Nachisale, amene uvuni wanu wakuseri kwa sukulu unatiliza misozi mwezi wathawu, musayang'ane pansi, sindinatchule munthu. Ndikungoti wadyera sungamuletse pomupempha, koma dyera lake lomwelo ukalimangira chingwe limakulimira munda. Ndipo lamulo likhale la msonkho, likhale la minga, limafuna wina woyenda m'mawa uliwonse kukaona ngati chikuni chazimadi.

Kamphuno anakula, anakwatiwa, anabereka ana asanu, ndipo palibe n'mmodzi yemwe amene anaikidwa m'manda chifukwa cha chifuwa. Mayi wake anawaona onsewo ndi maso ake.

Imvani, chigayo chalira. Nthano yanga yaphwa pomwepa, wotsala ndi ufa. Ana inu, dzukani, thumba loyamba ndi langa.